Nyerere za M'kati mwa Ntchafu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu timakonda kuutchula pa nkhani za mitima: mkamwini waulemu pabwalo koma wankhanza m'nyumba, katundu wonyezimira pamsika amene sakhalitsa ngakhale mwezi. Koma amene anayamba kuunena ayenera kuti anatola nkhuyu yeniyeni pansi pa mtengo, yakupsa bwino, yosalala, n'kuing'amba ndi zala, n'kupeza kuti anzake analowamo kale. Khungu la nkhuyuyo silinamunamize mwadala. Linangosunga maonekedwe ake pamene zam'kati zinali zitasintha. Mwambiwu ndikufuna ndipite nawo kumene sitikonda kuutengera, ku ntchafu ya munthu wokalamba, chifukwa kumenekonso khungu limasunga maonekedwe zaka zambiri m'kati mutasintha kale. Agogo amatha kukhala ndi miyendo yodzaza ngati kale, sikelo ya kuchipatala n'kumaonetsa makilogalamu omwe aja a zaka khumi zapitazo, koma akakhala pamphasa kudzuka kwake n'kogwira khoma, kogwira mdzukulu, kobuula. Apabanja amadabwa: vuto lili pati, popeza sanaonde? Yankho limene ofufuza akhala akulisonkhanitsa kuyambira zaka za m'ma 1990 ndi lakuti gawo lina la chimene tikuchiyesa mnofu si mnofunso. Ndi mafuta amene alowerera pakati pa minofu ndi m'kati mwake, n'kulanda malo koma ntchito yake osaigwira.

Diso lathu linaphunzira kuyeza moyo ndi kukula kwa thupi, ndipo linali ndi chifukwa. Kumene kunadutsa njala, chifuwa chachikulu ndi Edzi, kuonda ndi uthenga woipa, ndipo mawu akuti "mwanenepatu" ndi moni wachikondi. Madokotala nawonso anayambira pomwepo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Irwin Rosenberg wa ku yunivesite ya Tufts ku America anapanga dzina lakuti sarcopenia kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kuchepa kwa mnofu. Ankafuna kuti kufota kwa minofu kuyambe kufufuzidwa, anthu asamangoti ukalamba ndi momwemo. Anachita bwino. Koma dzinalo linalozetsa maso a anthu pa kuchuluka kwa mnofu, ngati kuti mwendo ndi thumba la chimanga limene ubwino wake umadziwika ndi kufufuma kokha. Aliyense amene anagulapo chimanga cholowa anankafumbwe amadziwa kuti matumba awiri ofanana kukula sapereka ufa wofanana.

Chimene chinang'amba nkhuyu popanda mpeni ndi makina ounikira m'thupi a CT, amene Godfrey Hounsfield anawakonza ku Britain ndipo anaunika wodwala woyamba ku London mu 1971. Makinawa amaonetsa ntchafu ngati yadulidwa pakati monga timadulira nzimbe, ndipo kachigawo kalikonse amakapatsa nambala. Madzi ndi 0, mafuta amatsika mpaka cha m'ma -100, mnofu wathanzi umakhala cha m'ma +50. Mnofu ukayamba kusakanikirana ndi mafuta nambala yake imatsika, ndipo pachithunzi umaoneka wothimbirira, wamawangamawanga. Amene amagula nyama amazidziwa izi ndi maso. Pali mafuta a pansi pa chikopa, amene mpeni umawasenga n'kusiya mnofu wofiira, ndiye pali mafuta oyanga ngati timizere toyera m'kati mwa mnofu weniweniwo, amene sungawachotse osawononga nyamayo. Nyama ya ng'ombe za ku Kobe ku Japan imakwera mtengo chifukwa cha mafuta a mtundu wachiwiriwu, popeza amaifewetsa m'kamwa. Komatu ng'ombezo amaziweta kuti zidyedwe, palibe amene angazimange pagoli kuti zikoke ngolo. Mu 2011 madokotala a ku Pittsburgh anasindikiza zithunzi za makina ena ounikira m'thupi otchedwa MRI, zimene zinafala kwambiri: ntchafu ya mwamuna wa zaka 74 wongokhala, pambali pa ntchafu ya mwamuna wa zaka 70 wochita mipikisano yosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Yoyambayo inali kamnofu kochepa kozingidwa ndi mafuta kunja ndi m'kati. Yachiwiriyo inali mnofu mpaka m'mphepete, yosasiyana kwenikweni ndi ya munthu wa zaka 40.

Zithunzi za anthu awiri zimakopa maso koma sizithetsa mlandu. Umboni wolemera unachokera ku kafukufuku wotchedwa Health ABC, amene mu 1997 ndi 1998 analemba anthu 3,075, akuda ndi azungu, a zaka za pakati pa 70 ndi 79, m'mizinda ya Pittsburgh ndi Memphis. Onse ankatha kuyenda mamita pafupifupi 400 ndi kukwera masitepe 10 osavutika. Anawaunika ntchafu ndi CT, kuwayeza mphamvu ya mwendo powongola bondo, kenako n'kudikira kuti aone amene ayambe kulephera. Mu 2005 Marjolein Visser ndi anzake analengeza zimene zinaoneka patatha zaka ziwiri ndi theka. Mnofu wochepa, mphamvu zochepa, mafuta ambiri m'mnofu, chilichonse pachokha chinkalosera vuto la kuyenda. Koma ataziyeza zonse zitatu pamodzi, kukula kwa mnofu kunasowa chonena, ndipo zimene zinapitiriza kulosera ndi mphamvu ndi mafuta a m'kati aja. Chaka chotsatira Bret Goodpaster anaonetsa mwa anthu omwewo kuti mnofu wa miyendo unkachepa ndi pafupifupi 1 peresenti pachaka, pamene mphamvu zinkatsika mwachangu kuwirikiza katatu, ndipo ngakhale amene ananenepa n'kuonjezera mnofu sanapulumutse mphamvu zawo. Atawatsata zaka 5, Matthew Delmonico anapeza mu 2009 kuti mafuta a pakati pa minofu anachuluka mwa amene ananenepa, mwa amene sanasinthe, ngakhalenso mwa amene anaonda. Ndipo mu 2010 Thomas Lang anaonetsa kuti amene ntchafu zawo zinali ndi mafuta ambiri m'kati ndi amenenso ankathyoka kwambiri fupa la m'chiuno. Zonsezi sikelo sinazione.

Mamita 400 ndi masitepe 10 ndi miyeso ya m'mizinda ya ku America, koma minofu yake ndi yomweyo imene imagwira ntchito pakhomo lililonse. Ya kutsogolo kwa ntchafu ndi ya m'matako ndi imene imanyamula thupi lonse munthu akamadzuka. Kumene anthu amakhala pamphasa, kuphika pamafuwa ndi kunyonyomala m'chimbudzi chokumba, minofu imeneyi imasenza katundu wolemera kuposa kumene kuli mipando italiitali ndi zimbudzi zokhalira. Tsiku limene mwendo ukana kukweza thupi kuchokera ponyonyomala, munthu wataya chinthu chimene sangachitchule pagulu, n'chifukwa chake ambiri amabisa. Amachepetsa kumwa madzi kuti asamatuluke pafupipafupi. Amasiya kupita kumaliro akutali, kenako kudimba, kenako kutchalitchi kapena kumzikiti, poopa kangalande kamodzi kamene ankakadumpha osakaganizira, kapena sitepe ya minibasi. Mudzi wonse umafota mpaka kutsala khonde lokha, ndipo apabanja amangoti agogo masiku ano sakonda zoyendayenda.

Mnofu uli ngati chingwe cha khonje, timaulusi tambirimbiri toloza mbali imodzi, tokoka pamodzi. Ulusi uliwonse umadzikoka ukalandira uthenga kuchokera ku mitsempha, ndipo kukokako kumadutsira kwa unzake mpaka kukafika pafupa. Mafuta sakoka. Akakhala pakati pa timaulusi amatenga malo a zokoka, amasokoneza mayalidwe ake, ndipo mphamvu ina imathera panjira. Sangokhalanso phee. Maselo a mafuta amatulutsa timadzi timene timayambitsa kutupa kosaonekera m'minofu yoyandikana nawo, ndipo anthu okhala ndi mafuta ambiri m'minofu ndi amenenso matupi awo samvera bwino insulini, timadzi tothandiza shuga wa m'magazi kulowa m'minofu. Popeza minofu ndiyo imayamwa gawo lalikulu la shuga wa m'magazi munthu akadya, sizodabwitsa kuti matenda a shuga ndi kufooka kwa miyendo zimakonda kuyenda limodzi.

Apa ndi pamene mwambi uja umayamba kuperewera. Nyerere za m'nkhuyu ndi alendo, zimachokera kunja, pamene mafuta a m'mnofu ndi mbadwa. Mu 2010 magulu awiri a ofufuza, la Akiyoshi Uezumi ku Japan ndi la Fabio Rossi ku Vancouver, anapeza kuti pakati pa timaulusi ta mnofu pamakhala maselo amene amathandiza kukonza mnofu ukavulala, koma amene angathenso kusanduka mafuta kapena chipsera. Gulu la Uezumi linaonetsanso kuti ulusi wa mnofu ukakhudzana ndi maselo amenewa umawaletsa kusanduka mafuta. Ndiye kuti palibe amene amathyola chitseko. Mwini nyumba akafooka, a m'nyumba momwemo ndiwo amasintha khalidwe, ndipo mwini nyumbayo amafooka msanga modabwitsa akangoleka ntchito. Mu 2007 Todd Manini anauza achinyamata athanzi kuti mwendo umodzi asauponde pansi kwa milungu 4, aziyendera ndodo. Mafuta a pakati pa minofu anachuluka ndi pafupifupi 15 peresenti m'ntchafu ndi 20 peresenti m'katumba. Chaka chomwecho Patrick Kortebein ku Arkansas anagoneka pabedi okalamba athanzi kwa masiku 10 okha, ndipo anadzuka atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa miyendo. Akale anaziona izi pa chinthu cha m'nyumba: chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Mphasa yoyalidwa ndi kupindidwa tsiku lililonse imatha ndithu, koma imatha pang'onopang'ono. Yoimikidwa pakona kuti isungike ndi imene umadzaipeza itasanduka dothi.

Wodziwa kuwerenga kafukufuku anganene kuti ndathamanga. Zinthu ziwiri kupezeka pamodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Imvi zimabwera pamodzi ndi kufooka, koma palibe amene amati imvi zimafooketsa, ndipo mwina mafuta ndi phulusa chabe losonyeza pamene moto unazimira. Mbali ina akunena zoona, popeza achinyamata a Manini aja anayamba ndi kuleka kuyenda, mafuta n'kubwera pambuyo. Koma pali umboni wakuti phulusali limazimitsanso moto. Mu 2020 gulu la Gretchen Meyer ku St. Louis linavulaza minofu ya mbewa m'njira yochititsa kuti mafuta alowemo, ndipo minofuyo inatsala yofooka. Mbewa zina zobadwa zosatha kupanga maselo a mafuta zitavulazidwa chimodzimodzi, kufooka kuja sikunatsalire. Madokotala osoka mitsempha yoduka ya paphewa anaziphunzira izi kalekale, ndipo anaziphunzira mowawa. Kuyambira 1994, pamene Daniel Goutallier ku France anakonza muyeso wa mafuta a m'minofu ya phewa, zinadziwika kuti mnofu umene wadzaza mafuta subwerera mwakale ngakhale mtsempha usokedwe bwino, ndipo msokowo umakonda kudukanso. Ine ndikuona kuti mkangano wa chimene chinayamba ndi wofunika kwa opanga mankhwala kuposa kwa banja. Banja lingodziwa kuti ziwirizi zimadyetsana: mwendo wopumitsidwa umalowa mafuta, mwendo wolowa mafuta umalemera, ndipo mwendo wolemera mwini wake amaupumitsa.

Wina angakumbutse kuti Goodpaster yemweyo anapeza mu 2001 chinthu chooneka ngati chikugwetsa zonsezi. Othamanga mitunda italiitali ali ndi timadontho ta mafuta tambiri m'kati mwa ulusi wa mnofu, pafupifupi mofanana ndi odwala shuga, komabe minofu yawo ndi yamphamvu ndipo imamvera insulini bwino kwambiri. Kusiyana kwake n'kwa nkhuni. Mtolo woikidwa pafupi ndi moto, wosonkhezeredwa lero n'kubwezeretsedwa mawa, ndi chuma cha khitchini. Nkhuni zomwezo zikaunjikana miyezi osasonkhezeredwa zimatseka njira ndi kusunga njoka. Timadontho ta wothamanga timawotchedwa tsiku ndi tsiku, pamene mafuta a m'ntchafu ya wongokhala amaunjikana, ndipo ambiri ake ndi maselo athunthu a mafuta okhazikika pakati pa minofu. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ndikuopa kuti wina angamve mawu akuti mafuta n'kuyamba kumana agogo nsinjiro ndi mapeyala. Thupi lokalamba limafuna zomanga mnofu zochulukirapo kuposa la wachinyamata kuti likonze zofanana, ndiye usipa, nyemba, mazira ndi mtedza zisachepe pa mbale yawo.

Chotsutsa chachitatu chili pafupi ndi mtima. Awa ndi matenda a anthu a magalimoto ndi masofa, wina atero, nanga agogo oonda amene agwira khasu moyo wawo wonse zikuwakhudza bwanji? Khasu limateteza ndithu, ndipo sindikukana. Koma kuonda sikuteteza. Iva Miljkovic wa ku yunivesite ya Pittsburgh anayerekeza amuna okalamba a pachilumba cha Tobago, amene makolo awo anachokera ku Africa, ndi azungu a ku America, ndipo mu 2009 analengeza kuti a ku Tobago anali ndi mafuta ochepa m'thupi lonse koma ambiri pakati pa minofu. Kafukufuku wake pachilumbacho anaonetsanso kuti mafuta amenewa amayendera limodzi ndi matenda a shuga. Munthu wowoneka wouma kunja angakhale nkhuyu yomwe ija. Komanso khasu limateteza pa nthawi imene lili m'manja. Wolima wa zaka 75 akagwidwa chibayo kapena malungo n'kugona milungu iwiri, masiku 10 a Kortebein aja amamupeza, ndipo akachira apabanja amamulanda khasu pomuchitira chifundo. Ana a kutauni amawatenga makolo kuti adzapume, n'kuwakhazika pabalaza patsogolo pa wailesi ya kanema, madzi ali pampopi, chakudya chikubwera chokha. Pakatha chaka masaya adzaza, aliyense n'kuyamikira chisamaliro, koma munthu amene anafika akuyenda yekha kuchokera pa depoti akufunika wom'gwira mkono.

Ndikudziwa kuti apa ndagunda ulemu, ndipo ulemu si chinthu choseweretsa. Mwana woleredwa bwino saona agogo akunyamula ndowa iye ali chikhalire. Palinso mantha enieni: akagwa bwanji, mtima ukawaima bwanji? Maria Fiatarone anakumana ndi mantha omwewo ku Boston, pamene anatenga anthu 10 ofooka a m'nyumba yosungira okalamba, a zaka za pakati pa 86 ndi 96, n'kuwaika pa makina onyamulira zitsulo ndi miyendo katatu pa sabata. Zotsatira zake zinatuluka mu 1990. Patatha milungu 8, anthu 9 amene anamaliza mphamvu zawo zinakwera ndi 174 peresenti, pamene mnofu wa ntchafu unakula ndi 9 peresenti yokha. Manambala awiriwa ayenera kuwerengedwa pamodzi, chifukwa akunena zimene Health ABC inadzanena pambuyo pake: mphamvu ndi kukula kwa mnofu siziyenda liwiro limodzi, potsika ngakhale pokwera. Okalamba a Fiatarone aja atasiya kunyamula zitsulozo kwa milungu 4, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zawo linapita. Mu 2008 Goodpaster anaunika ndi CT okalamba amene anagawidwa mwamaere, ena kuyenda ndi kulimbitsa miyendo, ena kungomvera maphunziro a zaumoyo. Pachaka chimodzi mafuta a pakati pa minofu anakwera ndi pafupifupi 18 peresenti mwa omvera maphunziro, koma mwa oyendawo sanasunthe kwenikweni. Kafukufuku wamkulu wa LIFE, wa anthu 1,635 a zaka 70 mpaka 89, anaonetsa mu 2014 kuti amene anafika polephera kuyenda mamita 400 anali 30 pa 100 alionse mwa oyenda, ndi oposa 35 mwa enawo. Ulemu umene umalanda agogo tsache, mtondo, ulendo wa kumjigo ndi kandowa kakang'ono, umawalanda mankhwala okhawo amene mpaka lero aonetsa kuti amagwira ntchito.

Sindikufuna kukometsa nkhani mpaka ikhale nkhuyu nayonso. Kusiyana kwa 30 ndi 35 si chozizwitsa, ambiri analepherabe kuyenda ngakhale anayesetsa. Umboni wakuti kugwiritsa ntchito miyendo kumaletsa mafuta kuchuluka ndi wolimba kuposa umboni wakuti kumachotsa amene analowa kale, ndipo phewa la Goutallier likutikumbutsa kuti pali malo amene munthu akafika sabwerera. Kuondetsa thupi pakokha si yankho. Dennis Villareal anaonetsa mu 2011, mwa okalamba onenepa kwambiri 107, kuti ochepetsa chakudya okha anataya mnofu ndi kulimba kwa fupa la m'chiuno kwambiri kuposa amene anaphatikiza ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo ophatikizawo ndiwo anasintha kwambiri pa kayendedwe. Amene amamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena ali ndi maondo otupa ayambire kuchipatala. Koma wodwala amene wagona masiku atatu ndipo adokotala alola, kumukhazika tsonga m'mphepete mwa bedi, kumuimiritsa, kumuyendetsa mpaka pakhomo ndi ntchito yofunika ngati phala limene anthu odikirira odwala amathamanga nalo m'mawa.

CT ndi yodula ndipo ili kutali, koma nkhuyu iyi ingathe kung'ambidwa ndi mpando. Akatswiri a ku Ulaya atakonzanso tanthauzo la sarcopenia mu 2019 anaika mphamvu patsogolo pa kukula kwa mnofu, ndipo umodzi mwa miyeso yawo sufuna magetsi. Mpando wolimba utsamire kukhoma. Agogo akhalepo, apingase manja pachifuwa, adzuke ndi kukhala kasanu mwachangu mmene angathere. Akapitirira masekondi 15, kapena akalephera popanda kudzikankha ndi manja, miyendo yayamba kutha mphamvu, kaya ikuoneka yodzaza chotani. Kudzuka ndi kukhala komweko, kukachitidwa kangapo patsiku, kumagwiritsa ntchito minofu yomwe ija ya kutsogolo kwa ntchafu. Mdzukulu aime pafupi, ali tcheru kuti awagwire akadzandira. Pa kudzuka kwachinayi ntchafu zimayamba kunjenjemera, nkhope imakwinyika, ndipo dzanja la mwanayo limafuna kutambasuka lokha kuti liwakoke. Ngati sakugwa, adikire kaye, aziwerenga mokweza mpaka afike pa kasanu.